Tisacite manyazi ndi buku la cikondi cokhwima pang'onopang'ono

Pakati pathu pali maganizo akuti buku la nthano ya cikondi ndi la anthu osowa cocita. Mkulu wa mpingo akapezeka nalo m'thumba afulumira kunena kuti walanda kwa mwana. Mai wa Cigwirizano akafuna kuliwerenga alikuta ndi nyuzipepala kuti anzake asaone mutu wake. Mlimi nayenso ati kuwerenga za anthu okondana n'kutaya nthawi pamene udzu uli kumera m'munda. Ife tiona mosiyana. Lero tifuna kunena poyera kuti lilipo buku la cikondi loyenera kukhala pa thebulo m'nyumba ya Mkhristu, loti n'kuwerengedwa mokweza makolo ndi ana osinkhuka ali pamodzi. Buku lake ndi lija linena zoona, kuti cikondi ceniceni citenga zaka kuti cikhwime.

Tiyambe ndi kusiyanitsa, pakuti mabuku a cikondi sali a mtundu umodzi. Amene anapita ku sekondale m'zaka za m'ma 1980, kaya pa Chizongwe, pa St Monica's kapena pa Katete, angakumbukire timabuku ta Mills & Boon ndi ta Pacesetters timene tinali kuyenda m'manja mwa ophunzira mpaka masamba kuthothoka. Sititinyoza iai, cifukwa tinathandiza ambiri kuzolowera Cingerezi. Koma m'tambiri, makamaka ta Mills & Boon, nkhani inali imodzimodzi: mwamuna wokongola ndi wacuma, mtsikana wabwino, maso akumana, mtima ugunda, akangana pang'ono, kenaka cikwati pa tsamba lomaliza. Lero nchito yomweyo aigwira ndi mafilimu a pa TV ndi timavidiyo ta pa foni. Kumeneko cikondi cigwa ngati mphezi, ndipo palibe amene afunsa kuti ndiwo za mawa zidzacokera kuti.

Mtundu wina ndi umene tiukamba pano. Citsanzo cimene ife tacikonda ndi buku la mutu wakuti Persuasion, lolembedwa ndi Jane Austen wa ku England. Linatuluka mu Disembala 1817, mwini wake atamwalira kale mu Julaye caka comweco. Mutuwo utanthauza kukopa munthu kuti asinthe maganizo ake. Ngakhale kuti ndi nkhani ya dziko lakutali ndi ya zaka 200 zapitazo, munthu wa ku Chadiza kapena wa ku Mtenguleni angaizindikire msanga.

Mtsikana wina, Anne Elliot, ali ndi zaka 19 anatomeredwa ndi mnyamata Frederick Wentworth, msilikali wa pa nyanja amene analibe cuma koma nzeru ndi khama basi. Amai ake a Anne anali atamwalira. Mnzao wa malemuwo, Lady Russell, amene anali ngati mai wake wamng'ono, anamulangiza kuti aleke, pakuti mnyamatayo tsogolo lake silinali kuoneka. Bambo ake, munthu wonyadira dzina la banja, nayenso anamuyang'anira pansi mnyamatayo. Anne anamvera akulu, nathetsa citomero, mtima uli kuwawa. Bukuli liyamba patapita zaka 8. Anne tsopano ali ndi zaka 27, wafota, ndipo pa nyumba amuyesa cabe wothandiza pa nchito. Bambo ake amwaza cuma mpaka nyumba yao yaikulu aicititsa lendi. Olowamo ndi Admiral Croft ndi mkazi wake, amene ali mlongo wake wa Wentworth uja. Motero mnyamata wokanidwa uja abweranso m'dera lomwelo, tsopano ali ndi udindo ndi ndalama, koma cilonda ca mumtima cisanapole.

Nanga cicitika n'ciani? Wozolowera mafilimu angati palibe cimene cicitika. Awiriwo akumana m'nyumba za acibale, napatsana moni wozizira. Anne amva kwa ena kuti Wentworth wanena kuti wasintha kwambiri moti sakanamuzindikira. Wentworth ayamba kuceza ndi mtsikana wina wamng'ono, Louisa, Anne ali kuona. Koma tsiku lina Anne atagwada kusamalira mwana wodwala wa mng'ono wake, kamwana kena kamukwera pa msana nikakana kutsika. Wentworth abwera, akanyamula, osanena kanthu. Tsiku lina pobwera ku ulendo wautali wa pansi, iye yekha ndiye aona kuti Anne watopa, namukweza m'ngolo ya mlongo wake. Pambuyo pake Louisa agwa ku doko la Lyme navulala m'mutu. Onse asokonezeka, ena alira, koma Anne yekha ndiye akhala ndi mtima m'malo, nauza anthu cocita ndi kutumiza munthu kukaitana dokotala. Kuyambira pamenepo maso a Wentworth ayamba kutseguka. Zotsala sitikuuzani, mukadziwerengere.

Apa ndi pamene pali kukoma kwa buku lotere. Wowerenga adikira pamodzi ndi Anne, nayamba kuona kulemera kwa tinthu tating'ono. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ali yense amene wakhala m'banja zaka 20 adziwa kuti cikondi sicikhala m'mau okoma a tsiku loyamba. Cioneka pamene mwamuna acingamira mkazi wake kumutula mtolo wa nkhuni, pamene mkazi asungira mnzake nsima yofunda, pamene wina agona pa benchi ku St Francis ku Katete sabata yathunthu kudikirira wodwala. Ukawerenga za kamwana kocotsedwa pa msana kaja umwetulira, cifukwa zotere unaziona pa khomo pako kapena kwa makolo ako.

M'buku lomweli muli banja la a Croft, anthu akulu amene akhala pamodzi zaka zambiri ndipo ayendera limodzi pali ponse. Akakwera ngolo yao ya kavalo mwamuna ndiye ayendetsa, koma pofika pa dzenje kapena pa mtengo mkazi atambasula dzanja nakoka cingwe pang'ono, ngolo n'kupulumuka. Mwamunayo sakwiya. Amene anaonapo bambo ndi mai pa ngolo ya ng'ombe, atasenza matumba a nshawa kupita ku msika wa Kapata, wina agwira zingwe wina acenjeza za mseu, aseka akafika pa tsamba limenelo. Phunziro la ukwati la maola atatu silingafotokoze bwino kuposa pamenepo.

Olemba a masiku ano naonso sanautaye mtundu umenewu. Mu 2009 David Nicholls anatulutsa buku la mutu wakuti One Day, limene litsata anthu awiri, Emma ndi Dexter, kuyambira pa 15 Julaye 1988 pamene anatsiriza maphunziro ku Edinburgh. Caputala ciri conse cionetsa tsiku lomwelo la 15 Julaye m'caka cotsatira, mpaka zaka 20. Tiwaona ali kusowa nchito yabwino, ali kulakwa posankha, wina ali kumira mu mowa, ali kukangana ndi kulekana, nabwereranso. Limeneli ndi la akulu, pakuti muli makhalidwe a m'tauni za ku Ulaya amene sitingawayamikire. Koma mlembiyo sabisa mtengo wa makhalidwewo. Aonetsa kuti munthu amene umukonda ali ndi zaka 22 si yemweyo pa zaka 35, ndipo uyenera kumudziwanso kaciwiri ndi kacitatu.

Kwa amene akuti zonsezi ndi za azungu, titsegule Baibulo limene liri m'nyumba zathu. Yakobo anagwira nchito kwa Labani zaka 7 cifukwa ca Rakele, ndipo atanyengedwa anagwiranso zina 7. Buku la Rute liri ndi mitu 4 cabe, ndipo ndi nkhani ya ku munda. Rute, mkazi wamasiye wa ku Moabu, afika ku Betelehemu ndi apongozi ake Naomi poyamba kukolola barele. Akunkha m'munda wa Boazi. Boazi sanayambe ndi nkhope yake iai, anayamba ndi mbiri imene anamva ya momwe anasamalira apongozi ake. Anauza anchito ake kuti azimusiyira ngala mwadala ndipo asamubvute. Rute anakunkha mpaka kutha kwa kukolola barele ndi tirigu, ndipo nkhani ya ukwati inakatha pa cipata ca mudzi pamaso pa akulu 10. Ngati Mau a Mulungu sacita manyazi kusimba cikondi ca anthu awiri mofatsa cotere, ife manyazi tiwatenga kuti?

Ndipo mwambo wathu womwe unali kucidziwa cinthu cimeneci. Pakati pa Acewa mkamwini anali kumanga kwao kwa mkazi, kulima m'munda wa apongozi, anthu onse a m'mudzi ali kumuona. Anali kuonedwa nthawi ya dzinja ndi ya malimwe, pa njala ndi pa mwanaalirenji, pa maliro ndi pa mowa, asanaloledwe kutenga mkazi kupita naye kwao. Pakati pa Angoni nkhani ya malowolo sinali kutha tsiku limodzi, akulu anali kupita ndi kubwera. Sitinena kuti zonse za kale zinali zabwino. Akamwini ena anali kugwiritsidwa nchito ngati akapolo, ndipo atsikana ambiri sanali kufunsidwa maganizo ao. Koma nzeru imodzi inalipo: munthu sadziwika pa tsiku limodzi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono cifukwa ciani tilimbikira nkhani ya mabuku m'tsamba limene anthu afunamo mitengo ya feteleza ndi zidziwitso za maliro? Cifukwa ana athu ali kukwatiwa asanakhwime. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu wa 2018 anapeza kuti mwa akazi a zaka 20 mpaka 24 m'Zambia, 29 pa 100 ali onse anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo cigawo cathu ca Kum'mawa cidziwika kuti bvutoli ndi lalikulu. Boma linayamba nkhondo yolimbana ndi maukwati a ana mu 2013. Mafumu ena, monga Mfumu Madzimawe, anaima nji pa nkhaniyi. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi aloledwa kubwerera ku sukulu akabereka. Mu 2022 maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ukhale wopanda mphamvu.

Zonsezi ndi zabwino ndipo tiziyamika. Koma lamulo litseka khomo cabe, silikamba ndi mtima. Tidziwa kuti gwero lalikulu ndi umphawi, ndipo buku silidzaza nkhokwe. Komabe mtsikana wa Giredi 9 ali ndi cithunzi cake ca cikondi m'mutu, ndipo cithunzico wina anacijambula. Nthawi yogulitsa soya, thonje ndi fodya ikafika, ndalama ziyenda m'midzi, ndipo abwera munthu ndi foni yatsopano ndi mau ozuna, nati tikacedwa ena adzakutenga. Ngati nthano zonse zimene mwanayo wamva zinena kuti cikondi ndi moto wa tsiku limodzi, adzakhulupirira. Koma ngati anawerengapo za Anne, amene pa zaka 27 anthu anali kumuyesa wotsalira koma cimwemwe cake cinali cikali m'tsogolo, angathe kuyankha kuti wondikonda zoona adzandipeza nditatsiriza sukulu. Mnyamata nayenso afunika kumva kuti kukanidwa lero cifukwa ulibe kanthu si kutha kwa dziko, ndi kuti mwamuna aoneka pa nchito zake za zaka, osati pa zimene wagula sabata ino.

Pano tiyenera kucenjeza, kuti wina asapotoze mau athu. Kudikira cikondi kuti cikhwime si kupirira nkhonya. Alangizi ena auza mwana wamkazi kuti ukwati ndi kupirira, ngakhale afike kwao ndi diso lotupa. Zimenezo si zimene mabuku awa aphunzitsa, ndipo dziko lathu liri ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2011. M'buku la Jane Austen, Wentworth anakwiya zaka 8 koma sanakweze dzanja kapena kutukwana Anne. Cimene cikula pang'onopang'ono ndi ulemu ndi kudziwana. Mtengo wa msangu utenga zaka zambiri usanayambe kugwetsa masamba okwanira kunenepetsa nthaka, ndipo mlimi audikira cifukwa aona kuti caka ndi caka uli kukula. Palibe mlimi amene adikira kaufiti kuti asanduke cimanga.

Buku loona lifunsanso ife akulu mafunso owawa. Kodi Lady Russell analakwa kapena iai? Iye anali kufunira mwanayo zabwino, monga acitira ankhoswe ndi azakhali ambiri. Kumapeto Anne aganiza kuti iye mwini sanalakwe pomvera munthu amene anali m'malo mwa amai ake, koma kuti uphungu wotere iye sangaupereke kwa wina. Taganizani nkhani imeneyi itakambidwa pa msonkhano wa ankhoswe kapena pa mphakati. Kodi ndi anyamata angati akhama amene tinawabweza cifukwa anabwera pa njinga? Kodi ndi angati amene tinawalandira ndi manja awiri cifukwa ca galimoto, mwana wathu n'kubwerako patapita zaka ziwiri ndi khanda kumsana? Nthano itilola kukamba zimenezi popanda kuloza cala banja la uje.

Cimene citiwawa ndi cakuti mabuku otere m'Cinyanja sapezeka kawirikawiri m'manja mwathu. Luso lilipo, ndipo linayamba kale. Mu 1933 Samuel Ntara wa ku Malawi analemba Nthondo, buku lotsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa. Kuno kwathu Jacob Zulu analemba Zomfula Mkazi Wacimasomaso, limene mutu wake wokha uonetsa kuti ndi cenjezo. Julius Chongo anali kusonkhanitsa mabanja pa wailesi ndi nthano zake za Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1970. Anzathu olankhula Cibemba ali ndi Pio na Vera la Stephen Mpashi. Macenjezo tiri nao ambiri, m'mabuku ndi pa guwa pomwe. Cimene cicepa ndi nkhani yoonetsa cikondi cimene cayenda bwino, ndi momwe cayendera. Mwana ukamuuza za maenje okhaokha osamuonetsa njira, adzaima kapena adzagwa ndithu.

Nkhani zake sizisowa. M'parishi iri yonse muli banja limene linayamba ndi khasu limodzi ndi mphasa. Anadziwana ku kwaya kapena pa dimba, mwamuna anapita ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku mafamu, makalata anali kutenga mwezi. Anapyola cilala ca 1992 ali kudya cimanga cacikasu, anaika ana ndi abale m'zaka zimene matenda a Edzi anali kusesa midzi, anakangana za ndalama za fodya, wina anapita kwao miyezi itatu, ankhoswe anakhala pansi, anabwererana. Lero akhala pa khonde, akamba pang'ono, koma wina akadwala mnzake sadya. Limenelo ndi buku lathunthu la masamba 200. Aphunzitsi opuma pa nchito, makatekisiti, ana athu a ku makoleji, mudikira ciani? Pitani mukakhale pansi ndi agogo amenewa akali moyo, muwapemphe cilolezo, musinthe maina, mulembe.

Pakali pano tingayambe ndi zimene ziripo. Cingerezi ca Jane Austen ndi cakale ndi colimba, koma bukuli lipezekanso lofupikitsidwa m'Cingerezi cosabvuta ca ana a sukulu. Funsani ku laibulale ya cigawo mu Chipata, kwa aphunzitsi a Cingerezi, kapena kwa ogulitsa mabuku akale m'misika. Popeza mwini wake anamwalira zaka zoposa 200 zapitazo, ali yense ali ndi ufulu kulimasulira m'Cinyanja popanda kulipira munthu. Mawailesi athu, Breeze FM ndi Radio Maria, angathe kupatula theka la ola pa sabata kuti nthano yotere iwerengedwe caputala cimodzicimodzi, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe amve. Magulu a acinyamata, a amai ndi a abambo m'mipingo yathu angathe kuyamba ndi buku la Rute, limene silifuna ndalama, kenaka n'kupitirira ku ena.

Nthawi yake ndi ya malimwe, cimanga ciri m'nkhokwe, madzulo atalika, makasu asanatuluke. Mmodzi awerenge, ena amvere, ndipo pomaliza caputala mufunsane kuti mukanakhala inu mukanacita ciani. Makolo, musadabwe ana akakufunsani kuti nanga inu munadziwana bwanji. Muwayankhe zoona, ndi zowawa zomwe, pakuti ambiri a iwo sanamvepo kuti bambo ndi mai ao anatenga zaka zingati kuti afike pomvana ndi maso cabe.

Ndipo inu a mpingo amene mwakhala muli kubisa buku m'thumba, litulutseni. Ngati linena zoona za mtima wa munthu, liwerengeni poyera, musangalale nalo, ndipo mukatsiriza mubwereke mnansi wanu.